Ofesi m'kanyumba ka lendi: yambani mwayeza chigongono, tebulo libwere pambuyo

Funso: Ndimakhala ku Matawale m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ndi balaza, ine, bambo akunyumba ndi ana awiri. Ndapeza ntchito yolemba mabuku a ndalama a magulu awiri ang'onoang'ono, ndipo ndimagwirira kunyumba pa laputopu. Pakadali pano ndimakhala pabedi kapena pamkeka. Msana ndi khosi zikundipweteka, mwana wamng'ono anathira phala pa malisiti a eni ake, ndipo magetsi akathima ntchito yaima. Ndalama ndili nazo zochepa. Ndigule desiki yotani, ndipo ndiyiike pati? — Mayi wa ku Matawale

Yankho: Mayi, pepani ndi msanawo. Ine ndakhala ndikupala matabwa muno mu Zomba kwa zaka zoposa 20, ndipo matebulo amene ndakhomera ana a ku Chanco, aphunzitsi ndi anthu a ntchito ya manambala ngati inu ndi ambiri ndithu. Ndiye mwina mudabwa kumva kalipentala akunena kuti desikiyo muyambe mwaiiwala kaye. Pa zonse zimene mwatchula, tebulo ndiye losavuta. Chikukupwetekani msana ndi kakhalidwe, chikuimitsa ntchito ndi batire, ndipo phala lija linafika pa malisiti chifukwa malisitiwo alibe kwawo. Mukagula desiki yaikulu lero, mawa mudzadzuka ndi mavuto atatu omwewo, ndalama zitatha.

Mitengo yogulira zinthu sindiika muno. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa vanishi umene ndingalembe lero ukhala bodza mwezi wamawa. Ndikupatsani miyeso, ndi kukuuzani chimene chiyenera kuyamba kudya ndalama zanu.

Tiyambe ndi malo, poti amenewo ndi aulere. Loweruka likubwerali tengani foni ndi tepi yoyezera, ngakhale ya atelala ija, muzungulire nyumba yonse. Mukufuna masentimita 90 motsata khoma, 50 kuchokera kukhoma, ndi ena 70 kumbuyo oti mpando uzibwerera mukamadzuka. Onse pamodzi ndi ngati theka la matilesi a three-quarter. Nthawi zambiri malowo amapezeka kumiyendo kwa bedi, kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, kapena pakona pamene panaunjikana masutikesi ndi zidebe zimene simunazitsegule chisamukireni. Mukafunsa ine, ndisankha kuchipinda. Pabalaza pali TV, pali alendo, pali nsima, ndipo inu mukusunga mabuku a ndalama za anthu ena, zimene siziyenera kuwerengedwa ndi aliyense wobwera kudzapempha mchere.

Pakona iliyonse imene yakwana, imani ndi foni muone netiweki, ya Airtel ndi ya TNM yomwe ngati muli nazo zonse. Timizere ta pamwamba pa foni tija timanama. Tumizani fayilo yeniyeni muone ngati ipita. Malata ndi makoma a njerwa amafooketsa netiweki, ndipo kuno kwathu phiri nalo limachita zake, moti nyumba ziwiri zoyandikana zimatha kusiyana. Ngati pabwino ndi pafupi ndi zenera pokha, foni ndiyo ipite kumeneko itayatsa hotspot, ija yogawira laputopu intaneti, inu mukhalebe pakona panu.

Kuwala kwa zenera kuzibwera cham'mbali. Zenera likakhala kumbuyo kwanu, dzuwa limawala pa sikirini mpaka manambala osaoneka. Likakhala kutsogolo, maso amalimbana ndi kuwala kwa panja ndipo pofika 3 koloko mutu wayamba kuwawa. Ngati mumalemba ndi dzanja lamanja, zenera likhale kumanzere kuti mthunzi wa dzanja usagwere pa zimene mukulemba. Chinanso, foni kapena laputopu isakhale poti munthu ali panja akhoza kuifikira ndi mkono kapena ndi nsungwi kudzera m'zitsulo za pazenera. Anyamata ena amawedza mafoni ngati ali pa nyanja ya Chilwa.

Tsopano mpando, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa ndi umene muzikhalapo maola asanu kapena asanu ndi atatu tsiku lililonse.

Mpando wa pulasitiki uja unapangidwira ukwati ndi maliro, pamene munthu amatsamira kumbuyo n'kumamvetsera. Pokhala pake panapendekera m'mbuyo, ndipo mikono yake imagunda m'mphepete mwa tebulo, ndiye mumakakamizika kukhala kunsonga mutawerama ngati mukusankha mpunga. Sofa ndi mipando yoluka ya pakhonde ndi yotsika kwambiri. Mipando yozungulira ya mu ofesi imene imagulitsidwa yakale ndi yabwino ikakhala yamoyo, koma yambiri inatha mpweya mu chitsulo chapakati chija. Mukaipeza, khalanipo mphindi zisanu musanalipire, muone ngati siikutsika yokha pang'onopang'ono. Kwa ndalama zanu, mpando wamba wa thabwa wa patebulo lodyera, wa msana wowongoka, ndi umene ndingakusankhireni. Mwina muli nawo kale.

Kuukonza kwake n'kotere. Khalani mpaka matako afike kumbuyo kwenikweni. Mapazi onse aponde pansi bwinobwino, mawondo akhale molingana ndi chiuno kapena kutsikirapo pang'ono, ndipo pakati pa mphepete mwa mpando ndi kuseri kwa bondo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu. Mipando yambiri imene timakhoma imakhala masentimita 43 mpaka 45 kuchokera pansi. Ngati mapazi akulendewera, ikani kathabwa pa njerwa ziwiri muzipondapo. Kenako pindani thaulo lakale likhale ngati mkate, mulimangirire ku msana wa mpando ndi mphira, pamalo pamene msana wanu umalowa mkati, pamwamba pa chiuno pang'ono. Pokhalapo ikani siponji yolimba ya masentimita 5. Okonza masofa amakhala ndi zidutswa zotsala ndipo sachita nazo mtengo. Pilo wa pabedi ayi, amafewa n'kukusiyani mutapendekera mbali imodzi.

Mukakhala bwino chotero, gwetsani mapewa, mupinde mikono ngati mwanyamula beseni la madzi osamba m'manja kuti mupatse alendo. Abambo ayeze kuchokera pansi kufika pa chigongono chanu. Nambala imeneyo ilembeni papepala, chifukwa ndiyo kutalika kwa tebulo lanu. Matebulo a m'sitolo amakhala masentimita 72 mpaka 75, muyeso wa munthu wamtali ndithu. Amayi ambiri amene ndawayeza amapezeka pa 65 mpaka 68. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma tebulo likatalika mapewa amakwera okha osadziwa, ndipo madzulo khosi limauma gwa.

Apa tsopano tikhoza kukamba za tebulo. Pewani madesiki onyezimira a utuchi womata ndi guluu. Mvula ya ku Zomba mukuidziwa. Akangomwa chinyezi cha mu Januwale amafufuma ngati mandasi, masikuluwu n'kuyamba kuzuka, ndipo palibe mmisiri angawadzutse. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yokongola imene adzukulu anu angadzagwiritsebe ntchito, koma mtengo wake ungadye ndalama za batire ndi kiyibodi. Paini wa kuphiri kwathu kuno akukwanirani. Chofunika n'chakuti akhale wouma. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo mukalikanda ndi chikhadabo limaonetsa madzi. Mukakhomera tebulo loterolo, pakatha miyezi iwiri pamwamba papindika ngati bwato ndipo polumikiza pang'aluka. Pamwamba pakhale thabwa la inchi imodzi, miyendo ya 2 by 2, ndipo kutsogolo kusakhale dirowa, chifukwa dirowa imadya malo a ntchafu zanu. Vanishi apake kawiri kapena katatu, pamwamba ndi pansi pomwe. Amisiri ambiri amasiya kunsi poti sikuoneka, koma thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyezi mbali inayo n'kupindika. Kunsi kwa miyendo akhomeko timphira ta matayala kuti madzi okolopera asamalowe m'thabwa, ndipo tebulo lisagunde khoma, musiye mpata wa zala zitatu kuti chiswe chikayamba msewu wake muchione msanga.

Ngati ndalama zavutiratu, yang'anani zimene zilipo kale. Tebulo lakale lodula miyendo kufika pa muyeso wanu ndi labwino kuposa latsopano lotalika. Chitseko chakale chodulidwa pakati chimatulutsa pamwamba pa tebulo polimba kwambiri. Ndinaikirapo mphunzitsi wina thabwa pa miyendo yachitsulo ya mashini osokera a Singer amene mutu wake unafa kalekale, ndipo tebulo limenelo siligwedera ngakhale pang'ono. Kungoti n'lotalikirapo, ndiye pamafunika kukweza mpando ndi kuika chopondera.

Pa Facebook mwina mwaonapo timatebulo tokhomera kukhoma, topinda ukamaliza ntchito. N'tokongola, ndipo m'nyumba yopanikizika timathandizadi, koma ine tinandiphunzitsa mowawa. Chaka china ndinakhomera kotere mnyamata wa ku Chanco amene ankachita lendi ku Chikanda. Khoma linali la pulasitala wosalala, laimu woyera mbee, ndipo sindinafufuze za mkati. Njerwa zake zinamangidwa ndi dothi. Mu Febuluwale mvula inagwa sabata yathunthu, dothi lija linafewa, ndipo usiku wina mnyamatayo atatsamira ndi zigongono akulemba, zonse zinazuka: thabwa, laputopu, kapu ya tiyi, ndi chibuma cha khoma chachikulu ngati mbale ya nsima. Sikirini inasweka, alandilodi anafuna ndalama za khoma, ine ndinakhoma tebulo lina laulere ndi manyazi. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndapita kuseri kwa nyumba, kumene kulibe pulasitala, n'kukanda ndi msomali pakati pa njerwa. Pakagwa fumbi lofiira, khomalo silinganyamule kanthu. Tebulo lopinda likhozabe kutheka, koma likhale ndi miyendo yake iwiri yopinda yofika pansi, khoma lizingoligwiriziza. Ndipo musanaboole paliponse, kambiranani ndi eni nyumba.

Laputopu ili ndi vuto lobadwa nalo: sikirini ndi kiyibodi zinamatana. Ikakhala pabwino pa manja, maso amayang'ana pansi ndipo khosi limanyamula mutu wowerama tsiku lonse. Ndiye ikwezeni pa mabuku kapena pa kabokosi ka thabwa ka masentimita 15 mpaka 20, mpaka mzere wa pamwamba pa sikirini ulingane ndi maso anu, patali ngati kutalika kwa mkono. Mukatero mugule kiyibodi ndi mouse za waya. Izi zigulidwe tebulo lisanagulidwe, ngakhale mutayamba mwagwirira pa tebulo lodyera. Poti ntchito yanu ndi ya manambala, sankhani kiyibodi yokhala ndi manambala akeake kumanja. Mudzandithokoza pa mapeto a mwezi. Pabedi laputopu isapitenso. Bulangeti limatseka timabowo topumira ta kunsi, makina amatentha, ndipo kutenthako n'kumene kumapha batire msanga.

Ngakhale mpando utakhala wabwino chotani, thupi silinapangidwe kuti likhale malo amodzi. Pakatha theka la ola dzukani, mukamwe madzi, muyang'ane kuphiri kwa kanthawi kuti maso apume ku zapafupi. Koma ululu ukamatsika kuchokera m'chiuno kupita kumwendo, kapena zala zikamachita dzanzi, imeneyo si nkhani ya kalipentala, pitani kuchipatala.

Za magetsi ndinaphunzira kwa mphwanga amene amachita za mawaya, ndipo timagwira limodzi ntchito zambiri. Choyamba, abambo akayamba kudandaula kuti laputopu ikumaliza mayunitsi a ESCOM, awerengereni. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Laputopu wamba ikamagwira ntchito ya mu ofesi imadya mawati 40 kapena kucheperapo, ndiye maola 8 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a yunitsi. Mbaula ya magetsi ya mawati 1,000 imamaliza yunitsi yathunthu pa ola limodzi. Kuphika nyemba kamodzi kumadya kuposa masiku angapo a ntchito yanu.

Kuthimathima kwa magetsi mulimbane nako kuyambira kotchipa. Ngati laputopu imazima chaja ikangozulidwa, batire yake inafa, ndipo kugula ina ndiye ndalama yoyamba imene muyenera kutulutsa pa zonse ndalembazi. Batire yamoyo imakupatsani maola atatu kapena kuposerapo, ndipo mabuku a ndalama a pa Excel safuna intaneti. Lembani magetsi kulibe, mudzatumize akayaka. Power bank ya foni ya 10,000 mAh ndi yothandiza kuti hotspot isafe, koma mphamvu zake ndi pafupifupi 37 Wh (Wh imodzi ndi wati imodzi kwa ola limodzi), pamene batire ya laputopu imakhala 40 mpaka 60 Wh, ndiye musayembekezere kuti ingakuyendetsereni tsiku. Batire yaikulu ndi inveta, kachipangizo kosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi ngati a m'nyumba, zidzabwere ntchito ikayamba kulipira. Mukadzafika pamenepo, dziwani kuti batire ya 12V 100Ah imasunga 1,200 Wh, koma ya asidi imafuna muzigwiritsa theka lokha kuti ikhalitse, ndipo thekalo limayendetsa laputopu maola opitirira 10. Batire ya galimoto siinapangidwire ntchito imeneyi, imatha msanga. Ndipo batire ya asidi imatulutsa mpweya woyaka ikamatchajidwa, choncho isagone m'chipinda chotseka limodzi ndi ana.

Pa ekisitenshoni musaumire. Zotchipa zija zimakhala ndi waya wowonda ngati ulusi mkati. Gulani yolemera m'manja, ya pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi, ndipo ngati n'kotheka yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu. Ikhale ya ofesi yokha: ketulo, ayironi ndi mbaula zisalumikizidwepo. Isadutse pansi pa mkeka, ndipo muipachike ku mwendo wa tebulo kuti ichoke pa simenti ndi pamaso pa mwana. Magetsi akathima zulani chaja, ndipo akayaka dikirani mphindi zingapo, chifukwa nthawi yobwerayo ndi imene amaotcha zinthu. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulaninso. Kwa usiku, kanyali ka LED kotchaja kapena ka sola, ka mawati 5, kakukwanirani, kakhale mbali yomwe ija ya zenera. Pa Windows pali poti mutchere kuti intaneti ya foni yanu ndi metered connection. Mukatero kompyuta imachepetsa kudzikokera zinthu yokha n'kumaliza bandulo inu mukuphika.

Malisiti aja apezereni nyumba yotseka. Thiranki yachitsulo ya ana a sukulu yogonera komweko, yokhala ndi loko, ndi yabwino koposa: mwana satsegula, khoswe saboola, ndipo usiku laputopu imagona momwemo. Iikeni pa njerwa kapena pa timatabwa, chifukwa simenti imatulutsa chinyezi nthawi ya dzinja ndipo mapepala amachita chuku. Chidebe cha pulasitiki chotseka bwino chimagwiranso ntchito. Gulu lililonse likhale ndi fayilo yakeyake. Ndipo lisiti lililonse lijambuleni ndi foni tsiku lomwe lafika, makamaka aja a pepala lonyezimira otuluka m'makina a m'masitolo ndi pomwetsera mafuta. Zolemba zake zimafufutika zokha ndi kutentha, moti la mu Okutobala limatha kufika nthawi ya odita, wodzafufuza mabuku a ndalama uja, litayera. Zithunzizo ndi mabuku anu muzisunganso pa Google Drive, pamene amapereka 15 GB yaulere, kuti laputopu ikadzabedwa kapena kufa ntchito ya eni ake isapite nayo. Patebulopo musadyerepo. Nyenyeswa za sikono ndi shuga wa tiyi zimaitana nyerere ndi mphemvu, ndipo zikalowa mu kiyibodi sizituluka. Mukaweruka fundikani zonse ndi chitenje, makamaka miyezi ya fumbi.

Chovuta kwambiri sindingakukhomereni, ndicho anthu. Kwathu kuno munthu akakhala pakhomo ndiye kuti alipo. Mnansi anena odi kuti mumuthandize kuona mwana, apongozi adzera pochokera kumsika, ndipo kuwauza kuti muli pa ntchito pamene akukuonani mwavala chitenje kumamveka ngati mwano. Chimene ndaona chikuthandiza ndi kunena nthawi isanafike, mwaulemu, kuti kuyambira 8 koloko mpaka 12 mumakhala muli ku ntchito ngakhale muli m'nyumba, ndipo masana ndinu awo. Abambo akhale oyamba kulemekeza zimenezi, ena adzaonera iwo. Kwa ana, mangani waya kuchokera pa msomali kufika pa wina mupachike chitenje chotchinga kona yanu. Ana amamva zooneka ndi maso kuposa zonenedwa: chitenje chikatsekedwa, amayi apita ku ofesi. Wamng'onoyo mupatseni kope lake lakale ndi pensulo pamkeka chapafupi, nayenso azikhala pa ntchito. Chitenje chomwecho chimabisa bedi mukamayankhula ndi mabwana pa vidiyo. Mvula ikamagunda malata opanda siling'i, timahedifoni ta foni tokhala ndi maikolofoni pafupi ndi kamwa timathandiza kuti akumveni.

Tsiku lopita kwa kalipentala, nyamulani pepala la manambala atatu: 90, 50, ndi uja wa chigongono. Amisiri ambiri adzakuuzani kuti tebulo silikhala lalifupi choncho, inu muumirire. Gwirani nokha matabwa amene akufuna kugwiritsa ntchito, lipirani theka, ndipo mugwirizane tsiku. Pokatenga, kwezani mpando wanu pa kabaza mupite nawo, mukhalepo pomwepo asanapake vanishi womaliza. Ngati mapewa akukwera, adule miyendo inu mukuona.